Mabuleki Atsopano a Mkamwini Wanga

Malemu amuna anga anali ndi chenjezo limodzi limene ankandipatsa kawirikawiri, makamaka akandipeza ndatsegula wailesi yawo kumbuyo ndi mpeni. Ankati, "Mayi, maso anu ndi abwino, palibe chimawadutsa. Vuto ndi manja anuwo, amafika maso asanamalize kuona." Ine ndinkangoti amuna amayankhula choncho pofuna kuti tisapeze zimene abisa. Lero ndikulemba izi nditatsamira khoma, phazi lamanzere litatupa ngati dzungu, ndipo mawu aja akundilira m'khutu ngati udzudzu.

Ndimakhala ku Chiparamba ndi mwana wanga Nelia ndi mwamuna wake, a Tembo. Nyumba yawo ili kutsogolo, yanga ili kuseri kwa nkhokwe, pamalo poti ndimaona aliyense wolowa ndi wotuluka. Ndinene poyera kuti ine sindikhulupirira munthu. Ndikamagula nyama ndimayang'ana sikelo ndi chala cha wogulitsa, osati mano ake. Mankhwala akuchipatala ndimayamba ndawanunkhiza. Anthu amati ndi matenda, koma ndi matenda amene andifikitsa pa ukalamba uno ndisanaberedwepo nkhuku.

Tsono kuti mumvetse tsoka langa, muyambe mwamvetsa za ine ndi a Tembo. Chikwatirire iwo pakhomo pano, sitinagwiranepo chanza. Tikakumana panjira mmodzi amapatuka, timalonjerana tikuwomba m'manja, nkhope zitapenya kwina. Akakhala ndi mawu oti ndimve, amauza Nelia mokweza ine ndili pomwepo, nane ndimayankha Nelia mokweza. Dzina lawo loyamba ndimalidziwa (ndinaliona pa chitupa chawo tsiku lina jekete itapachikidwa mosasamala) koma linali lisanatulukepo pakamwa panga. Ana a masiku ano amaseka zimenezi, amati n'zachikale. Kwa ine ulemu umenewu ndiwo unali ng'ombe zanga. Amayi a kutchalitchi akamalangiza mtsikana wolowa m'banja ankatchula khomo lathu kuti akaone mmene mpongozi ndi mkamwini amakhalira.

Chimene chinabweretsa mayeso ndi njinga yamoto. Magazi anga atayamba kuthamanga, ndinauzidwa kuti ndizikaonekera kuchipatala m'tauni mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto za kuno zimanyamuka zikafuna zokha. A Tembo njinga anali nayo. Ndinaganiza mozama, n'kupeza njira. Ndimakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, dzanja litagwira kaliya kumbuyo, ndipo pakati pa ine ndi msana wawo ndimaikapo mtsamiro wokulunga m'chitenje. Mtsamiro umenewo ndiwo malire athu, ngati a pa Mwami paja, kungoti awa alibe chitupa chodutsira. Ngakhale kucheza kunkayenda bwino: iwo amayankhula ndi mphepo yakutsogolo, ine ndimayankha chimanga cha m'mbali mwa msewu.

Tsiku lina a Tembo anabwera kuchokera ku Mwami, kumene amakasiya matumba a mtedza, milomo itayera. Anauza Nelia mokweza kuti anangotsala pang'ono kulowa kunsi kwa lole yoima pamzere wa pachipata. Anati anafinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse, koma njinga inkangopitabe ngati sikumva Chinyanja. Mabuleki ake anali achikale, okoka ndi waya, ndipo anaganiza zokaikitsa amakono, a mbale yachitsulo, kwa a Saidi, mmisiri wa njinga wa ku Kapata m'tauni. Ine ndinauza Nelia, mokwezanso, kuti tsiku limenelo ndipita nawo, popeza mafupa okwera chinthu chimenecho ndi anga.

A Saidi amagwirira ntchito pa kashedi ka malata kuseri kwa msika. Ndi bambo wofatsa, wa kofia yoyera imene sindikudziwa kuti imakhala bwanji yoyera pamalo akuda chotero. Makolo awo anachokera ku Mangochi, ndipo Chichewa chawo n'chozuna, cha mtundu uja umachititsa munthu kuiwala funso limene anabwerera. Anandiikira mpando pamthunzi chapatali. Ndinaunyamula n'kukauika pafupi ndi tayala. Anandiitanira tiyi, ndinathokoza n'kukana. Munthu wakumwa tiyi maso ake amakhala m'kapu.

Chinthu choyamba, anagulula wilo yonse yakutsogolo pamodzi ndi miyendo yake. Ndinafunsa ngati tabwerera mabuleki kapena tabwera kudzagulitsa njinga chiwalochiwalo. Anandifotokozera mwaulemu kuti wilo yakaleyo ilibe pomangira mbale. Ndinavomera, koma ndinaonetsetsa kuti wilo yakale ija yamangidwa pa kaliya kuti tibwerere nayo. Ilipo mpaka lero, nkhuku zimagonapo.

Kenako anatulutsa mbale ija. Apa ndiye ndinaiwala pang'ono kukayikira, chidwi chinandigwira. Inali yonyezimira ngati chivindikiro cha poto watsopano, koma yodzaza tizibowo. Ndinafunsa kuti anaidya ndani. Anaseka n'kunena kuti tizibowoto ndi totulutsira kutentha, madzi ndi matope. Ndinapisamo kachala, ndinaigogoda, inalira bwino. Atamanga mbale ku wilo, anabweretsa chitsulo china chonga kamwa ya nkhanu, mkati mwake muli timapadi tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo. Anati ukafinya kuhandulo, timapadito timaluma mbale.

"Monga mmene mumatsinira khutu la mdzukulu wosamva, amayi," anatero. "Akhoza kufuna kuthawa, koma sapita patali."

Chitsanzocho ndinachikonda, ngakhale ndinadabwa kuti anamuuza ndani.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti waya panalibe. M'malo mwake munali kapaipi kakuda kochokera ku kam'phika kakang'ono pahandulo, kutsika mpaka kukamwa kwa nkhanu kuja. M'kam'phikamo a Saidi anathiramo mafuta, ooneka ngati uchi wosungunuka. Ndinadzuka pampando. Moyo wanga wonse ndadziwa kuti mafuta ndi oterera. Chitseko chikamalira timachidontheza mafuta, makina osokera akamalimba timawadontheza mafuta, mwana akakanika mphete pachala timamudzoza mafuta. Nanga chinthu choterera chingaimitse bwanji njinga yonyamula anthu awiri? Anandiyankha kuti mafutawo sagwira kanthu, amangokankha, ali ngati mthenga wochoka kudzanja kukauza timapadi kuti tilume. Ndinagwedeza mutu, koma yankholo ndinalisunga pambali ngati dzira lokayikitsa.

Tsono mvetserani zimene maso anga anaona. A Saidi anauza a Tembo kuti azifinya ndi kutaya, kufinya ndi kutaya. Iwo anagwada pansi, anamasula kanati kena pakamwa pa nkhanu paja, n'kulumikiza kapaipi kopyapyala kolowa m'botolo. Mafuta aja anathira pamwamba anayamba kutulukira pansi, kulowa m'botolo lawo. Athira pamwamba, atapa pansi. Athira pamwamba, atapa pansi. Masanasana, ine ndili pomwepo. Nditafunsa, anati akuchotsa mpweya, chifukwa mpweya ukatsala m'kapaipi buleki imakhala yofewa ngati mkate. N'zoona kuti tithovu tinkaoneka, sindikana. Koma ine chibadwire sindinaonepo mpweya wachikasu wodzaza theka la botolo. Atamaliza, botolo lija analitseka bwinobwino n'kuliika kuseri kwa chitseko chawo.

Sizinathere pomwepo. Anatenga kansalu koyera, anakanyowetsa ndi sipiriti, n'kupukuta mbale ija mbali zonse mpaka inauma gwa. Ngakhale kadontho kamene kanagwerapo mwangozi sanatisiyire. Pomaliza analangiza a Tembo zinthu ziwiri. Choyamba, aiwale zofinya ndi dzanja lonse, buleki iyi n'ja zala ziwiri, ndipo masiku oyamba aziyenda nayo mofatsa mpaka timapadi tizolowerane ndi mbale. Chachiwiri, ndipo apa anatembenukira kwa ine ngati wandilota, mafuta a mtundu uliwonse asayandikire mbale imeneyi.

Mawuwo ndinawamva bwinobwino, musaganize kuti makutu anandinamiza. Kungoti ndinawamasulira mwa nzeru zanga. Mmisiri akakuuza kuti chitsulo chokhuzana ndi chinzake usachidzoze, ndiye kuti akufuna chithe msanga ubwerenso kwa iye. Ndinatero mumtima mwanga, n'kukwera.

Tinatuluka m'tauni bwino. Titakhota kulowa msewu wafumbi wa kwathu, nkhumba inadumpha kuchokera m'tchire, ndipo dzanja la a Tembo linachita zimene linazolowera zaka zonsezi. Anafinya ndi dzanja lonse. Njinga inaima nji, ngati yagunda khoma, ikulira kuti tswiii. Ine sindinaime nawo. Mtsamiro unaphwatalala, phewa langa ndi tsaya langa zinakafika pamsana pa mkamwini wanga. Ndinamva fungo la sopo amene amachapira malaya awo. (Ndi sopo wanga uja ndinkamufunafuna, koma imeneyo ndi nkhani ina.)

A Tembo anapepesa kwa mphepo yakutsogolo. Ine ndinauza chimanga kuti palibe kanthu. Mboni inalipo imodzi yokha, mayi wina wogulitsa nzimbe, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. 

Koma mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa Loweruka la sabata yomweyo kunali mwambo wovundukula chiliza cha malemu amuna anga, kumudzi kwawo cha ku Mwami. Abale awo onse akakhalako, alamu anga onse, ndi amayi a kutchalitchi kwathu atatsogola pa lole. Ine ndinayenera kufika panjinga yomweyo. Ndinkadziona m'maganizo tikulowa pabwalo, kamwana kathamangira kutsogolo, tswiii, tsaya langa pamsana pa a Tembo, anthu onse akuona. Ndinayamba kulumikiza zinthu. Buleki ikulira. Chinthu cholira n'chouma. N'chouma chifukwa mafuta ake ali m'botolo kuseri kwa chitseko ku Kapata. Ndipo n'chaukali chifukwa n'chouma, monga munthu wanjala. Zinagwirizana bwino kwambiri moti ndinadzitamandira ndekha.

Loweruka m'mamawa, a Tembo ali kubafa, Nelia ali kukhitchini, ndinathira mafuta ophikira, aja timati saladi, m'chivindikiro cha botolo, ndinatola nthenga ya nkhuku, n'kugwada pa wilo yakutsogolo. Ndinadzoza mbale ija mbali zonse, mosamala ngati ndikudzoza khanda. Tizibowo tija ndinatidonthezera kamodzikamodzi (apa ndinazindikira, mwa nzeru zanga zomwezo, kuti ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mafuta, zija za kutentha zinali zondiphimba m'maso). Ndinakankha njinga pang'ono kuti wilo izungulire, mafuta afike m'kamwa mwa nkhanu. Madontho apansi ndinawafotsera ndi dothi. Nthenga ndinaiponya pamoto.

Nelia anatsogola pa lole ya amayi aja, ife tinatsatira panjinga, ndipo ulendo unayenda ngati madzi. Tinadutsa m'tauni, tinagwira msewu wa ku Mwami, tikudutsana ndi malole ndi anthu a njinga zakapalasa atasenza katundu wopita kumalire. Osamva tswiii ngakhale kamodzi. Njinga inkaima mofatsa, mwaulemu, mtsamiro uli m'malo mwake. Ndinakhala mowongoka m'chitenje changa chatsopano ndi duku loyera, ndikumwetulira chamumtima, ndikuganiza zoti tsiku lina ndidzapite kwa a Saidi ndikawaphunzitse ntchito. Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Tembo nawo manyazi a tsiku la nkhumba anali asanawachoke. Poopa kundigwetseranso pamsana pawo, buleki yakutsogolo sanaikhudze n'komwe njira yonseyo, ankangoponda yakumbuyo. Mwa njira ina, tonse awiri tinali kuteteza ulemu umodzimodzi, aliyense mobisira mnzake.

Mudzi wa kwawo kwa malemu uli kunsi kwa chitunda. Ukapatuka pamsewu wa tala, kanjira kake kamatsetsereka, kodzaza timiyala, n'kukathera pabwalo penipeni. Titayamba kutsika ndinaona anthu ali mbwee, amayi pamphasa atavala zoyera, abambo pamabenchi, abusa ataima ndi buku lawo. A Tembo anaponda yakumbuyo, tayala linangokhwekhwereza pa timiyala. Pamenepo ndinawaona akutambasula zala ziwiri, monga anawalangizira a Saidi, n'kufinya.

Njinga sinamve.

Anawonjezera chala chachitatu. Anafinya ndi dzanja lonse. Njinga inkathamangirathamangirabe, ndipo m'mphuno mwanga munalowa fungo limene ndimalidziwa bwino, la chiwaya chotentha podikira zitumbuwa. Ndikuuzani zoona, ngakhale panthawi imeneyo mbali ina ya mutu wanga inali ndi chidwi: kani mbale ija imatenthadi, a Saidi pa tizibowo paja sananame.

Kenako tinadumpha kamgula. Mtsamiro unauluka. Dzanja langa linataya kaliya, ndipo manja awa, omwe aja malemu ankawanena, anafika maso asanamalize kuona. Anazungulira m'chiuno mwa mkamwini wanga onse awiri, zala zinalukana pamimba pake, nkhope yanga inakanirira pakati pa mapewa ake. Ndipo pakamwa panga, pamaso pa abusa, alamu ndi amayi onse a kutchalitchi, panatuluka mawu awa:

"Filimoni, imitsa! Imitsa iwe!"

Dzina lija la pachitupa. Lopanda "a" kutsogolo kwake, ngati ndikuitana mwana woba mango.

Amayi anabalalika ndi mphasa zawo. Tinadutsa pakati pawo ngati mkwati ndi mkwatibwi, tinaphonya mbiya ya thobwa, n'kukazika wilo yakutsogolo m'mulu wa mchenga umene unatsala pomanga chiliza. Tinagwa cham'mbali pang'onopang'ono, njinga inandigonera phazi. Ndiye kuti pamapeto pake amene anandiimitsa ndi malemu amuna anga omwewo, ndi mchenga wawo.

Anthu anathamangira kudzadzutsa njinga. A Tembo sanavulale, koma kudzuka kunkakanika, chifukwa ine ndinali ndisanawataye. Zala zinali zitalukana moti sizinkandimvera. Amene anayamba kutsegula pakamwa ndi mlamu wanga Tisauke, mlongo wawo wa malemu, mayi amene pakamwa pake sipanatsekedwepo chibadwire. Anawerama, anandiyang'ana bwinobwino, n'kunena mofatsa kuti aliyense amve:

"Mlamu, chiliza cha achimwene sitinachivundukule n'komwe, inu mwapeza kale wina? Mtayeni mwana wa eni ake apume."

Ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku.

Mwambo ndinauonera pa mpando, phazi atalikulunga nsalu yonyowa. Ndili pomwepo ndinaona a Tembo akupita pa njinga. Anagwada, anapaka chala pa mbale ija, anachinunkhiza. Kenako anapukutira chala pa buluku n'kubwerera pabenchi, osayang'ana kumene ndinali. Pambuyo pake ndinamva kwa Nelia kuti njinga itabwerera ku Kapata, a Saidi timapadi tija anangotitaya, ati tikamwa mafuta sitilumanso, ndipo mbale anaitsuka nthawi yaitali. Ati anafunsa kuti ndani wakazingira pa mabuleki. A Tembo anayankha kuti botolo la saladi linatayikira pamene ankanyamula katundu wa munthu. A Saidi ati anangoti, "Botolo lanzeru, lodziwa kudzoza mbali zonse ziwiri," n'kunditumizira moni.

Kundibisira kumeneku sikunandikhazike mtima pansi. Munthu sakubisira mlandu popanda chimene akufuna. Ndakhala ndikuwayang'anitsitsa a Tembo kuti ndione chimene adzapemphe, koma mpaka lero sanapemphe kanthu, ndipo zimenezo zikundiwonjezera kukayikira.

Akuluakulu a pabanja anakambirana n'kugamula kuti popeza manja adutsa kale malire anthu onse akuona, palibenso chobisa: ndiphe nkhuku, ndidye ndi mkamwini wanga m'mbale imodzi, timasukirane. Nkhuku inaphedwa, tambala wanga wabwino. Tsopano a Tembo amabwera m'mawa uliwonse pakhomo panga, amakhala pampando, amandiyang'ana m'maso n'kundifunsa za phazi. Dzulo anandiuza ine mwini, osadzera kwa Nelia, kuti phazi likapola ndisavutikenso ndi mtsamiro, ndizingowagwira m'chiuno, n'kotetezeka. Ndinayankha khoma. Amayi a kutchalitchi akamalangiza atsikana masiku ano amatchulabe khomo lathu, koma ndamva kuti amayamba aseka.

Mukandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu, ndinena kuti inde: mbale ya buleki sidzozedwa, ndipo tizibowo ndi ta kutentha. Pa zimenezo a Saidi ananena zoona. Koma za botolo lija lili kuseri kwa chitseko palibe amene wandifotokozera mondikhutiritsa, ndipo phazi likangolola ndikafunsanso. Nelia saladi wayamba kutsekera m'kabati, kiyi amayenda nayo pakhosi. Wandilanda ngakhale kabotolo ka mafuta a makina osokera.

Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Chiparamba patukani mudzandizonde. Masiku akutalika munthu ukamangoyang'ana nkhokwe, ndipo amene amabwera kudzacheza nane ndi mkamwini yekha, zomwe sindinazizolowere. Musavutike ndi kuodira, chitseko changa chikulira kwambiri masiku ano, ndidzakumvani. Zophikaphika musatenge, sindidya za eni. Koma ngati mwabwera pa njinga yamoto, muiimike pafupi ndi khonde pomwe ndingaione bwino. Sindiigwira ayi. Pali kena kake pa kam'phika ka pahandulo kaja kamene ndikufuna kungoyang'ana.